Bango la Mutinta pa Ulalo wa Kafue

Ndikukumbukira chaka chimene pakamwa panga panandiika m'mavuto. Panali patangopita zaka zochepa dziko litalandira ufulu, mafakitale akumera ku Kafue ngati bowa. Atate, amene anachoka ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji, analembedwa m'gulu lokweza ulalo wachitsulo wa pamsewu waukulu, chifukwa damu lomwe ankamanga kumunsi likanadzakweza madzi a mumtsinje.

Ine, posadziwa kusunga nkhani, ndinakauza kalasi yonse kuti atate anga akunyamula ulalo. Anzanga anaseka mpaka misozi. Mutinta, mwana wa msodzi, yemwe ndinkagawana naye chimanga chokazinga, ndiye anandibaya kwambiri.

"Iwe Tisa, boza! Batate bako ni njovu?"

Kuyambira tsikulo ndinali Tisa Waboza, ndipo pa masewera a fulaye palibe ankandifuna. Zinandiwawa zedi.

Loweruka ndinamukoka Mutinta kupita kumtsinje. Kunkanunkha girizi ndi matope, dzuwa likuswa mtengo. Amuna anali pansi pa zitsulo, thukuta lili kamukamu, aliyense atagwira mpini wa jeki. Kapitawo akaliza wezulo, onse ankapopa pamodzi, kenaka n'kuima, n'kulowetsa timatabwa tachitsulo pampata. Ndinkayembekeza kuti ulalo uvundukuka ngati chivindikiro cha poto. Tinayang'ana mpaka maso kuwawa, koma unangoti zii, osasuntha.

"Nayenda ine," anatero Mutinta. Ndinayamba kulira.

Atate atabwera kudzamwa madzi, anamva nkhani yonse osaseka. Anathyola bango m'mbali mwa madzi, n'kutitengera kumapeto a ulalo, pamene chitsulo chinatsamira pa chipilala. Analidula molingana ndendende ndi mpata wa pakati pa ziwirizo, n'kulipereka kwa Mutinta, osati kwa ine.

"Usunge wekha, mwanawe. Ubwere nalo Loweruka linalo."

Sabata imeneyo nsima sinkatsika. Nanga bango likakakwanabe? Koma titabwerera, Mutinta analiimika pa chipilala paja, ndipo pamwamba pake panatsala malo olowa dzanja lake lonse. Anayezanso kawiri, kukamwa kuli yasa.

Lolemba anaimirira yekha m'kalasi, bango lili m'manja, aphunzitsi asanalowe.

"Ni zoona! Batate bake Tisa banyamula, naona neka!"

Masana amenewo magulu onse awiri a fulaye ankandilimbirana, ngakhale kuti kuzinda mpira sindinkatha n'komwe.

Lero pamalopo pali ulalo wina watsopano, ndipo basi imaoloka usanamalize kusenda nthochi. Ana amangoyang'ana m'mafoni, osafunsa kuti anaumanga ndani. Sindiwadzudzula. Ngakhale pa wakale uja dzina la atate silinalembedwe paliponse. Koma m'kalasi mwathu munalibe mwana amene sankadziwa yemwe anaunyamula, ndipo zimenezo zimandikwanira mpaka pano.