Jucimar ndi Pointi Yake Imodzi

Jucimar Tostes anali katswiri wa tenisi wa mumzinda wa Ubá, ndipo pa dziko lonse anali pa nambala 1,614. Anthu a mumsewu wa kwawo ankakonda kutchula mawu oti "pa dziko lonse", nambalayo n'kuimezera limodzi ndi khofi.

Anakulira kuseri kwa bwalo. Bambo ake, a Otacílio, ankasamalira mabwalo atatu a dothi lofiira pa kalabu ya madokotala ndi eni mafakitale a mipando. Mwanayo anaphunzira kumenya mpira masana, nthawi imene mabwana amaopa dzuwa, ndi raketi imene dokotala wina wa mano anataya atapsa mtima. Atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu anagonjetsa dokotalayo, kenako madokotala onse mmodzimmodzi. Popeza munthu wolemera sangagonje kwa mwana wamba, mabwanawo anagwirizana kuti mwanayu si wamba, adzagwedeza dziko. Anamuombera m'manja, namugulira chikwama.

Ndi chikwama chimenecho Jucimar anayendadi maiko. Anafika ku Paraguay, ku Bolivia, ku Peru, ndipo m'maiko onsewo anaona madepoti a basi okongola kwambiri. Ankagona anayi m'chipinda cha anthu awiri, ndi anzake omwe mawa lake ankafuna kumugonjetsa. Zingwe za raketi ankalukira yekha m'bafa, mpunga ndi nyemba n'kuphikira pambali pa bedi. Owonerera masewero ake nthawi zambiri ankakhala woyimbira, galu wa pakalabu, ndi anthu awiri odikira kuti bwalo lipezeke. Ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi anakwera mpaka pa nambala 588, nyuzipepala ya mumzinda n'kutulutsa chithunzi chake, dzina italilakwitsa. Chaka chotsatira bondo lakumanja linayamba kulankhula, ndipo silinasiyenso.

Mndandanda wa osewera uli ndi lamulo lake. M'mipikisano ing'onoing'ono imeneyi, ukapambana masewero oyamba amakupatsa pointi imodzi, ndipo pointiyo imakhala moyo chaka chimodzi basi. Ikafa ulibe ina, dzina lako limachoka pa mndandanda. Jucimar anali atalonjeza kalekale, pamaso pa banja lonse, kuti tsiku limene dzina lake lidzachoke adzapachika raketi. Analonjeza ali mnyamata, nthawi imene malonjezo amakhala otsika mtengo.

Tsopano anali ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndi pointi imodzi yokha, imene anaipeza ku Cochabamba, ku Bolivia, atasewera ndi munthu wotsegula m'mimba. Pointiyo inali yoti ifa Lolemba la sabata ya mawa.

Lamulungu banja linadyera limodzi. Mlamu wake Gilvan, wogulitsa matilesi, anadikira kuti Jucimar adzaze chakudya m'kamwa.

"Alamu, chaka chino tikuonani pa TV, kapena tingoigulitsa?"

"Gulitsani. Mumangoonerapo nkhani za akazi olira."

"Ine kusitolo ndikufuna munthu wonyamula matilesi. Mikono muli nayo. Umodzi waukulu, wina waung'ono, koma tizikulipirani ya waukuluwo."

"Ndikapambana sabata ino mudzandipempha siginecha."

"Ndidzakupemphanidi, alamu. Pa fomu ya ntchito."

A Otacílio sanaseke. Anali atapuma pantchito, ndipo pa zaka zonsezi anali asanaonepo mwana wawo akusewera kunja kwa Ubá. Anapukuta pakamwa n'kunena kuti ulendo uno apita nawo ku mpikisano.

Anayenda maola khumi ndi anayi pa basi mpaka ku tauni ina ya m'minda ya nzimbe, m'chigawo cha São Paulo. Jucimar anapambana masewero awiri opezera malo mu mpikisano, omwe sapatsa pointi, amangopatsa matuza. Lachitatu m'mawa anakumana ndi Lisandro wa ku Argentina, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wa maondo awiri amoyo ndi mphunzitsi womunyamulira madzi. Owonerera analipo asanu ndi awiri, khamu lalikulu ndithu.

Anasewera maola atatu. Gawo loyamba anatenga Lisandro, lachiwiri Jucimar. M'gawo lomaliza bondo linkakuwa, koma Jucimar ankangobweza mipira yam'mwamba, yaulesi, yotopetsa, mpaka wa ku Argentina uja anayamba kutukwana raketi yake ndi makolo ake a raketiyo. Zinafika poti Jucimar akangopambana mpira umodzi, masewero atha, dzina lake likhala chaka china.

Anabwezerana kasanu ndi kawiri. Kenako Lisandro anamenya ndi mphamvu zonse, mpira n'kugwera kuseri kwa mzere wakumbuyo, pafupi ndi phazi la Jucimar.

"Kunja," anatero woyimbira, mayi wa chipewa choyera, ali pampando wake wautali.

Lisandro anakweza dzanja kupempha kuti akaone. Pa dothi lofiira mpira umasiya chidindo pamene wagwa, ndipo woyimbira amatsika kukachiyang'ana. Chidindocho chinalipo, chooneka bwino, chala chathunthu kunja kwa mzere. Mayiyo anayamba kutsika makwerero.

Jucimar mutu unali kale ku Ubá, kusitolo ya matilesi, akukonza mawu okamuuza Gilvan. Phazi linatsala lokha. Ndipo phazi limenelo linaleredwa ndi a Otacílio, omwe kuyambira mwanayo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi ankamukoka khutu akasiya kadzenje kapena mkwasa pabwalo la mabwana. Nsapato inapita kumanja, n'kubwerera kumanzere. Dothi linasalala ngati tebulo.

Mayiyo anaima pa khwerero lomaliza.

"Bambo Tostes, mwafufuta chidindo."

"Unali kunja, mayi. Mwanena nokha."

"Ndinanena, ndipo ndimabwera kudzatsimikiza. Lamulo mukulidziwa. Wofufuta chidindo wavomereza kuti mpira unali mkati."

"Ndimangosalaza."

"Mwasalazadi. Mpira ndi wa mnzanuyo."

Lisandro anaika dzanja pamtima n'kumuweramira Jucimar. Anthu asanu ndi awiri aja, poganiza kuti aona munthu wachilungamo akukana kupambana mwachinyengo, anaimirira n'kumuombera m'manja. Mayi wina wachikulire anapukuta msozi. Pa zaka khumi ndi zinayi za ntchito yake, Jucimar anali asanaomberedwepo m'manja ndi anthu oimirira, ndipo anayenera kukweza raketi kuwathokoza, chifukwa ulemu umafuna choncho.

Zotsalazo sizinatenge nthawi. Bondo linaona kuti mwini wake alibe nzeru, nalonso linaweruka. Patapita mphindi khumi ndi ziwiri Lisandro anali akumukumbatira pa neti, akumuuza kuti anthu ngati iye atha pa dziko.

A Otacílio anamudikira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa bwalo, chipewa chili pa bondo.

"Unali kunja," anatero.

"Ndikudziwa, bambo."

"Chala chathunthu. Ndinauona ndili pano, ndi maso anga okalambawa."

"Ndikudziwa."

Mkuluyo anayang'ana bwalolo.

"Samalithirira bwino bwalo limeneli. Pamene unapondapo iwe ndi pokhapo pooneka ngati pali munthu wogwira ntchito."

Anakhala m'tauniyo mpaka kumapeto kwa sabata, Jucimar akulukira anzake zingwe za raketi, ati podikira kuti bondo liphwe. Chimene ankadikira n'china. Mwina makina a mndandanda angaiwale kufufuta dzina lake, mwina wina ku ofesi angadwale. Lolemba m'mawa anali pa depoti, pakati pa mawindo awiri ogulitsira matikiti. Lakumanzere linali la basi yopita kumwera, kumene kunali mpikisano wina. Lakumanja linali la basi ya ku Ubá. Jucimar anatulutsa foni, natsegula mndandanda watsopano, n'kuyamba kutsitsa ndi chala. Anatsitsa nthawi yaitali.

"Ndiye?" anafunsa a Otacílio.

"Palibe."

"Tayang'ananso m'munsi."

"M'munsi mwathera pomwepa, bambo."

Anaika foni m'thumba, nasenza chikwama, n'kukaima pamzere wa windo lakumanja. A Otacílio anamutsatira, akumukumbutsa kuti apemphe mpando wa m'mbali mwa njira, woti azitambasulirapo mwendo.