Chitoliro cha Renske

Renske Hoekema anabadwira m'mudzi wina wa m'mbali mwa ngalande kufupi ndi tawuni ya Sneek, m'banja la oweta ng'ombe zamkaka. Kuliza chitoliro anayambira kusukulu, pa chachitsulo chonyezimira ngati cha wina aliyense. Atapita kukaphunzira zoimba ku Den Haag anagwirizana ndi achinyamata ena amene zida zonyezimirazo zinali zitawakola. Iwowa ankafuna kumva nyimbo za zaka mazana atatu zapitazo monga momwe eni ake ankazimvera, pa nsambo za matumbo a nkhosa ndi zitoliro zamtengo, m'zipinda zazing'ono momwe womvera amamva ndi kupuma komwe kwa woimba. Aphunzitsi ena ankawaseka kuti akuimbira akufa.

Renske anakasemetsa chitoliro chamtengo kwa mmisiri wina wa ku Utrecht. Chinali chachikasu ngati uchi, mawu ake otsika, ngati a munthu amene wakukokera pambali kuti akuuze zakukhosi.

Pagulu lawo anali anayi, koma amene ankamvana naye kwambiri anali Douwe, woimba gamba, vayolini wamkulu uja wopanira pakati pa mawondo. Douwe ankayala mawu apansi, chitoliro n'kumayenda pamwamba pake. Anthu ankati ali pachibwenzi, koma sizinali choncho. Kungoti Douwe akakoka mpweya, Renske ankadziwa kale pamene ayambire. Ankazungulira m'midzi pa galimoto yakutha, limba la nsambo atalikulunga m'mabulangete, n'kumaimba m'matchalitchi ozizira pamaso pa anthu ovala zikhoto. Nsambo za nkhosa sizigwirizana ndi chinyezi, motero Douwe ankangokhalira kupotokola zikhomo.

"Iwe, anthuwa abwera kudzamva nyimbo kapena kudzakuonerera ukuchuna?" Renske ankamunong'oneza.

"Kafunse nkhosa, usandivute ine."

Tsiku lina m'nyengo yachisanu, Renske akuchokera kogula buledi, njinga yake inaterereka pamadzi oundana pamlatho, iye n'kumenyetsa nkhope pachitsulo. Mano akutsogolo anathyoka, mlomo wam'mwamba unang'ambika. Adokotala anausoka bwinobwino, anamuika mano ena, ndipo anamuuza kuti ali ndi mwayi chifukwa chipsera sichidzaoneka. Sichinaonekedi. Koma pakati pa mlomowo panachita dzanzi losatha, pamalo penipeni pamene mpweya umatulukira. Akauzira chitoliro, pankangomveka fuu, ngati mphepo yolowera pansi pa chitseko.

Anayesa chaka chathunthu, n'kuyambanso china. Anzake anamudikira mpaka pamene kudikira kunakanika. Douwe ndiye anabwera kudzamuuza, ndipo anakana ngakhale kuvula chikhoto.

"Tapeza wina, Renske. Ndinati usamvere kwa anthu."

"Amatha?"

"Amatha."

"Ndiye ukuliriranji? Pita, ukachedwa sitima."

Anabwerera kumudzi, nayamba kuphunzitsa ana asukulu kuwerenga ndi masamu. Anakwatiwa ndi Sietse, wokonza maboti, munthu wamanja akuluakulu amene nyimbo ikangoyamba tulo tinkamupeza. Kwa zaka zambiri m'nyumbamo simunamveke nyimbo. Wailesi ikayamba kuimba zakalezo, Renske ankaitseka n'kutuluka panja. Chitoliro chinali m'bokosi pamwamba pa kabati. Nyengo ikamasintha ankachitsitsa, kuchipaka mafuta kuti chisang'aluke, n'kuchibwezera osachifikitsa pakamwa.

Sietse ankaona zonse. Tsiku lina anatulutsa matabwa ndi zingwe zonse m'chipinda cham'mwamba cha nyumba yokonzeramo maboti, nasesa, naikamo mbaula ndi mipando yobwereka kutchalitchi.

"Zimenezi ndi za chiyani?" anafunsa Renske.

"Ukamatsuka mbale zala zako zimadumphadumpha pambale ngati pali mabowo. Ndatopa nazo. Itana anzako aja adzaimbe kuno, ine ndizigona kumbuyo."

Renske anamukalipira sabata yonse, kenako anaitanadi oimba.

Umu ndi momwe zoimba za Lamulungu masana zinayambira. Chipindacho chinkadzaza ndi anthu ochepa chabe, wakutsogolo mawondo ake atatsala pang'ono kugunda a woimba. Renske ankakoleza mbaula kuyambira m'mawa, n'kuika mabeseni a madzi m'makona kuti kutentha kusaumitse zida. Oimba akamaliza ankawapatsa supu wa nsawawa, buledi wakuda ndi tchizi. Mbiri inafala, ndipo ankabwera ochokera ku Gent, ku Bremen, ena kutali kuposa pamenepo. Ankalandira a vayolini, a gamba, a limba, ngakhale oimba pakamwa. Gulu lokhala ndi chitoliro ankaliyankha kuti masiku onse adzaza.

Douwe anabwera tsitsi litayera kale mbuu, ndipo sananeneretu kuti abwera ndi ndani. Renske anangoona mayi wina wamtali akutsika m'galimoto, kabokosi kakatali ka chitoliro kali kukhwapa. Dzina lake anali Marrit.

"Nkhalamba yopanda manyazi iwe," Renske anamukokera Douwe kukhitchini. "Lamulo la pano sukulidziwa?"

"Ndikulidziwa. N'chifukwa chake sindinafunse."

Kubweza alendo kunali kosatheka. Masana amenewo Renske anakhala kukhitchini, akutakasa supu amene anali atapsa kale. Nyimbo inkatsika ndi masitepe, iye n'kumagundanitsa mapoto.

Pa chakudya Douwe anaulula dala kuti m'nyumbamo muli chitoliro cha mmisiri wa ku Utrecht uja, amene tsopano anali atamwalira. Marrit anaika supuni pansi.

"Amayi, mungandilole kungochiona? Sindichiliza mukapanda kufuna."

Sietse atatsokomola, Renske anadzuka. Kenako anakachitenga. Marrit anachilumikiza mosamala, nayang'ana mwini wake, ndipo Renske anagwedeza mutu. Mawu amene anatuluka anali osasa, ngati a munthu wodzutsidwa kutulo.

"Chafa," anatero Renske.

"Sichinafe, amayi, changouma. Koma sichingadzuke tsiku limodzi. Chimafuna kuchiuzira pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, miyezi ndithu. Mukachikakamiza chimang'aluka."

Renske ankazidziwa zimenezo. Ankadziwanso kuti tanthauzo lake n'lakuti chitolirocho chichoke pakhomopo. Anachipukuta, anachiika m'bokosi, nachipereka osayang'ana Marrit kumaso.

"Musamachisiye pafupi ndi moto. Ndipo bowo lachitatu limakwera, muziliphimba pang'ono."

Nyengo yachisanu imeneyo inamutalikira. Ankalowa kuchipinda, maso n'kuthamangira okha pamwamba pa kabati. Ankati akagwira foni kuti afunse, n'kuibwezanso. Sietse ankamuseka kuti akuchita ngati mwana wake wapita kunkhondo.

Douwe ndi Marrit anabweranso madzi a m'ngalande atasungunuka, ng'ombe zitatulutsidwa kubusa. Douwe anali atawonda, ndipo manja ake ankanjenjemera mpaka atagwira uta wolizira gamba. Ulendo uno Renske sanathawire kukhitchini. Anakwera masitepe n'kuima kumbuyo, pafupi ndi chitseko.

Douwe anakoka mpweya, Renske naye anakoka osadziwa. Gamba inayamba pansipansi, kenako chitoliro chinalowa. Zaka zonse zimene anachiliza, Renske ankachimvera pafupi ndi khutu, pamodzi ndi phokoso la mpweya wake ndi nkhawa ya mzere wotsatira. Anali asanachimvepo chili patali. Mawu ake ankafika kumbuyoko ali ofewa, oyera, osathamanga. Mlomo wake wadzanzi uja unkayesa kudzipinda wokha. Anauphimba ndi dzanja, misozi n'kumatsikira pazala. Sietse, amene tsiku limenelo tulo sitinamupeze, anangoyang'ana kudenga.

Anthu atabalalika, Renske anapeza Douwe akumasula uta.

"Kodi chinkamveka chonchi nthawi ijayi?"

"Chonchi. Kungoti iwe unkachedwa kulowa, dala, mpaka mtima wanga unkachita kulumpha. Uyu amalowa pa nthawi yake."

"Ndiye amandiposa."

"Sindinatero."

Anakhala pamipando yopanda anthu ija mpaka supu anazizira. Douwe anamuuza kuti manja akumukana ndipo sakhulupirira kuti adzaimbanso pagulu. Renske sanamutsutse pomutonthoza, chifukwa ankadziwa kuti mawu otero sathandiza.

Marrit anabweretsa bokosi lija kuti abweze. Renske analikankhira kwa iye.

"Chikakhala pano chiumanso. Pitani nacho. Koma chaka chilichonse chizibwera kudzaimba m'chipinda chino."

Douwe anamwalira chaka chotsatira, ndipo pamaliro pake panaimbidwa gamba yokha. Renske tsopano miyendo ikumuvuta, masitepe amakwera mopumira, koma Lamulungu la zoimba saphonya, ndipo magulu a zitoliro anayamba kuwalandira. Marrit amayenda kwambiri, amaimba foni ali ku Porto, mwina ku Krakow. Renske amayamba wafunsa ngati kumeneko kuli chinyezi, ngati chipindacho chinali chachikulu, ngati akumbuyo anamva. Akakhutira ndi mayankho ndi pamene amakumbuka kufunsa Marrit ngati iyeyo ali bwino.