Nkhope ya M'mphepete mwa Chithunzi

Ntchito ya webusayiti inandipeza ndili kale ndi zidzukulu, nditapuma pa ntchito yotayipa ku sukulu ya sekondale. Sindinaifunsire. A Kamwendo, wapampando wa gulu la osema ziboliboli ndi oluka madengu kuno kwathu kufupi ndi Mua, anandipeza pa msika wa Mtakataka ndikuuza wogulitsa usipa kuti ayezenso mbale yake ine ndikuona. Anaima poteropo n'kumaseka. Kenako anati gulu lapeza wothandiza wakunja amene akufuna kuti katundu wawo azioneka pa intaneti, ndiye pakufunika munthu wa konkuno wodziwa kutayipa Chichewa ndi Chingerezi.

"Tikufuna inuyo, Anambewe," anatero. "Inu ngakhale abusa atakuuzani kuti lero ndi Lamulungu, mumakayang'ana kaye pa kalendala."

Ndinawafunsa kuti ena amene anayamba kuwapempha anakaniranji. Anati sanapemphe wina aliyense. Sindinawakhulupirire, koma ndinapita.

Omanga webusayitiyo anali ku Lilongwe. Mkulu wawo anali mayi Nyirenda, a ku Rumphi, aang'ono kwa mwana wanga woyamba koma olankhula mosazungulira. Anabwera kamodzi ndi laputopu n'kukhala nane masiku angapo m'kachipinda ka kuseri kwa shopu ya gulu, mmene fumbi la mitengo yosemedwa linkagwera ngakhale m'tiyi. Ndi iwo anandiphunzitsa kayendedwe ka ntchitoyi.

Chilichonse chinkayamba ndi tikiti pa bolodi la pa kompyuta. Bolodilo linali ndi mizere itatu: zodikira, zimene zili m'manja, ndi zotha. Tikiti iliyonse inkayenera kunena chimene chisinthe ndiponso chifukwa chake. Yopanda chifukwa mayi Nyirenda ankaibweza, ngakhale yongokonza chilembo chimodzi. Lolemba m'mawa tinkaimbirana foni, aliyense n'kunena tikiti imene wagwira ndi pamene wakanirira.

Mafayilo onse, mawu ndi zithunzi zomwe, ankakhala pamalo amodzi pa intaneti amene iwo ankati ripo, ndipo wosunga mbiri yake anali pulogalamu yotchedwa Git. Aliyense wa ife anali ndi kope lathunthu la ripoyo pa laputopu yake. M'mawa ndinkayamba ndi kukoka zimene anzanga asintha. Kenako ndinkatsegula nthambi yangayanga kuti ndisakhudze thunthu, lomwe ndi limene anthu akunja ankaona. Ndikalemba mawu a pansi pa chithunzi ndinkakomita, ndiye kuti kusunga kusinthako pamodzi ndi mzere umodzi wofotokoza, kenako n'kupusha kuti zifike ku ripo. Mayi Nyirenda ankawerenga, akakhutira n'kulumikiza nthambi yanga ku thunthu, ndipo posakhalitsa zinkaonekera pa webusayiti.

Kunena zoona, ndinachikonda chinthu chimenechi. Zaka zonse za ku sukulu ndinkatayipa chikalata, wina n'kusintha mawu ine nditachoka, mlandu n'kudzagwera wotayipa. Apa ukangolemba git log, mbiri yonse inkatsika: uje anasintha chakuti, tsiku lakuti. Panalibe wokana. Chimene wafufuta dzulo ukhoza kuchibweza lero. Mayi Nyirenda ankakonda kunena kuti Git saiwala, ndipo ine ndinkamva ngati ndapeza mnzanga wa mtima ngati wanga.

Zithunzi ankajambula mtsikana wina wa ku Ulaya amene wothandiza uja anamutumiza kuti akhale nafe miyezi ingapo. Anali wansangala, ankapereka moni ngakhale kwa mbuzi, ndipo kamera sinkachoka m'khosi. Iyeyo anali ndi chilolezo chopusha yekha osadzera kwa ine. Atatsala pang'ono kubwerera kwawo anakomita zithunzi zambiri nthawi imodzi. Zina anajambula pakhomo pa mayi wina woluka madengu, tsiku limene m'mudzimo munali chiliza, gule wamkulu atatuluka. Pa webusayiti zithunzizo zinkaoneka zazing'ono, zodulidwa m'mbali, dengu lokha pakati. Koma munthu akadina, chithunzi chinkatseguka chonse monga chinajambulidwira. Zinakhala choncho milungu ingapo ine ndisanafike pa tikiti yake.

Tsikulo linali la m'chilimwe, kutentha kwa kuno kumene kumaliritsa laputopu ngati chigayo. Ndinali ndi tikiti yolemba mawu a pansi pa madengu, ndiye ndinatsegula chithunzi chimodzi kuti ndione bwino mitundu ya mlaza. Maso anga sakhala pakati pa chinthu, amathamangira m'mbali, ndi mmene ndinabadwira. Kumanzere, kuseri kwa mpanda wa udzu umene unagwa mbali imodzi, chilombo cha gule chinali chitakhala pa chitsa, chikumwa madzi. Chophimba kumutu chinali chitakwezedwa, nkhope ili poyera. Nkhopeyo ndinkaidziwa.

Owerenga akutali mwina sangamve kulemera kwake. Kuno chilombo si munthu, ndipo mkazi wokulira mu mpingo ngati ine sanena kuti waona nkhope. Ngakhale pano polemba, zina ndasintha dala kuti wina asalondole. Dzina la bamboyo sinditchula. Ndi munthu amene amawerenga mawu kutchalitchi kwathu, ana ake ndi obatizidwa, mkazi wake timaimba naye kwaya. Chithunzicho chikanangofika pa foni imodzi ya pa Golomoti, akanathera mbali zonse ziwiri. A mpingo akanamuimitsa pamaso pa banja lake, a kudambwe akanamuzenga mlandu woulula zobisika. Mlandu wachiwiriwo sindidziwa mmene umathera, ndipo sindifuna kudziwa.

Ndinatseka laputopu msanga chifukwa a Kamwendo ankadutsa pakhomo, kasemasema ali m'manja. Pakhonde panali amuna angapo akusema. Wolowa gule ndani, wampingo weniweni ndani, wa zonse ziwiri ndani, sindinkadziwa. Kuno sufunsa zimenezo.

A Kamwendo atapita ndinatembenuza tebulo kuti sikirini iyang'ane kukhoma. Ndinatsegula nthambi yatsopano, ndinachotsa chithunzicho ndi git rm, n'kukomita. Pa mzere wofotokoza ndinakhala nthawi yaitali zala zili m'malere. Ndinangolemba kuti kuchotsa chithunzi cha dengu, n'kupusha. Posachedwa mayi Nyirenda anaibweza nthambiyo ndi mafunso awiri: tikiti ili kuti, chifukwa n'chiyani.

Chifukwa ndinali nacho, koma sindikanachilemba. Tikiti imaonedwa ndi aliyense wa pa bolodi, ndipo mzere wa pokomita umakhala m'mbiri mpaka kalekale. Kulemba chimene ndinaona kukanakhala kuchiulula kachiwiri, tsopano ndi dzina langa pansi pake. Ndinatenga foni n'kuyenda mpaka kumsewu waukulu, pamene maminibasi ndi oitanira amaphimba mawu a munthu, n'kuwaimbira. Ndinawapempha kuti angolumikiza basi.

"Amama, lamuloli munalikonda nokha," anatero. "Ndilembe kuti chiyani? Kuti agogo a ku Mua dengu silinawasangalatse?"

Ndinawauza kuti atsegule chithunzi chonse, ayang'ane kumanzere kuseri kwa mpanda. Ndinamva akudina.

"Ndikuona abambo akumwa madzi, avala zovinira. Ndi achibale anu?"

Mawu oti abambo aja kuno sanenedwa za chilombo. Ndinatembenuka uku ndi uku ngati wina wamva, chonsecho mawuwo anali m'khutu mwanga mokha. Ndinati sindingathe kunena chimene ndikuona, ndipo iwonso asachinene kwa munthu. Kwawo guleyu kulibe, ndiye ndinkayembekeza kuti aseka kapena anditcha wachikale. Koma anafunsa funso limodzi lokha, ngati pali munthu amene angavulale nacho. Ndinati alipo. Anati zimenezo zakwana. Tikiti analemba okha, chifukwa chake n'kuika kuti wojambulidwa sanapereke chilolezo, zomwe zinali zoona. Analumikiza nthambiyo ine ndili pafoni pomwepo.

Nditabwerera m'kachipinda ndinatsegula webusayiti, dengu lija panalibe. Ndinawaimbiranso kufunsa ngati ndiye kuti chapita.

"Pa webusayiti chapita. Mu ripo chikadalimo."

Anafotokoza pang'onopang'ono. Git rm imachotsa chinthu pa za lero zokha. Aliyense wobwerera m'mbuyo mpaka pamene mtsikana uja anakomita akanachipeza chili chonse. Ndipo ripo yathu inali yotsegukira anthu onse, chifukwa wothandiza ankafuna kuti magulu ena azikopera mamangidwe ake kwaulere. Zimenezi anandiuza ndithu masiku oyamba aja, koma pa nthawiyo ndinkangoganiza za madengu.

Njira inalipo imodzi: kusefa mbiri yonse kuti chithunzicho chituluke mu kukomita kulikonse, kenako kupusha mokakamiza, mbiri yatsopano n'kuphimba yakale. Koma thunthu linali lokhomedwa kuti wina asachite zimenezo, ndipo kiyi wake anali ndi bambo wina wa ku bungwe lothandiza, kunja kwa dziko. Mayi Nyirenda anamulembera. Anati tidikire.

Masana amenewo ndi amene sindiwaiwala. Ndinalibe choti ndichite. Tikiti yanga inali pa mzere wa zodikira, ndipo ine ndinali chimodzimodzi. Ndinkatsegula bolodi, kutseka, kutsegulanso. A Kamwendo anasuzumira n'kufunsa kuti bwanji lero Anambewe mwakhala ngati mwameza munga wa chambo. Ndinati malungo. Anati ndikagone, ndinakana. Kuwauza sindikanatha. Akakhala olowa gule, ndiye kuti ndadziwulula kuti ndinaona. Akakhala a mpingo okhaokha, nkhani ikanafika kwa akazi awo dzuwa lisanalowe.

Kenako kunabwera mphunzitsi wina wa ku Golomoti kudzagula dengu la mphatso. Anatulutsa foni kuti andionetse limene ankafuna, akutsitsa zithunzi ndi chala, n'kunena mokondwa kuti webusayiti yathu anaiona yonse sabata yatha, chithunzi chilichonse. Ndinamufunsa ngati ankadina kuti zikule. Anati zina ankadina, zina ayi, malinga ndi bandulo. Ndinamuyang'ana kumaso nthawi yonse imene ankasankha dengu. Ine ndimadziwa kuwerenga nkhope ya wonama, koma pa iyeyo sindinawerenge kanthu. Analipira n'kukwera njinga yake.

Chilolezo chinabwera osema atayamba kusesa zipalapasiro pakhonde. Mayi Nyirenda anasefa mbiri, anapusha mokakamiza, n'kulembera aliyense kuti afufute kope lake lonse ndi kutenga latsopano. Amene akanaiwala n'kupusha kuchokera ku lakale akanachibweza chithunzicho. Langa ndinafufuta, ndinakhuthulanso bini ya pa laputopu, n'kutenga latsopano. Ndinabwerera m'mbiri mpaka tsiku la mtsikana uja n'kutsegula zithunzi chimodzichimodzi. Munalibe.

Ndinafunsanso funso lomwe lija, ndipo mayi Nyirenda sananamize. Anati pali malo amene dzanja lawo silifika. Laputopu ndi kamera za mtsikana uja zili kwawo. Mafoni a amene anadina kale sangawadziwe. Ndiponso pa ripo pankaoneka kuti anthu ena anatengako kope m'milungu imeneyo, koma pamangooneka kuchuluka kwawo, mayina ayi. Mwina ndi makina ongoyendayenda pa intaneti, mwina ndi anthu.

"Amama, apa ndiye mphamvu zanga zathera," anatero.

Mtsikana uja anayankha patapita masiku, wapepesa kwambiri, akuti wafufuta. Ndi mawu a munthu amene sindingamuone m'maso. Ndinawalandira chifukwa ena panalibe.

Kuyambira pamenepo mayi Nyirenda anasintha kayendedwe. Palibenso wopusha zithunzi molunjika ku thunthu, ndipo zithunzi zosadulidwa sizilowanso mu ripo. Chilichonse chimayamba chadzera kwa ine, chimene chatsala pambuyo podula n'chimene chimakomitidwa. Ntchitoyo ndikugwirabe, ndipo amene amabwera kudzaphunzira ndimawauza chimodzi chokha chimene ndinatola. Nthawi yokana chinthu ndi pamene usanakomite. Ukakomita n'kupusha, chimene watsala nacho ndi kupempha anthu. Choncho chithunzi ndimachitsegula chonse, ndimayambira m'makona, kuseri kwa mipanda, pansi pa mitengo, m'magalasi a mawindo. Dengu ndimaliona pomaliza.

Bamboyo sindinamuuze. Ndinaganizapo kangapo, tsiku lina mpaka ndinaima pafupi naye pa chigayo, koma kumuchenjeza kukanatanthauza kumuuza kuti ndinamuona, ndipo akanayamba kukhala ndi mantha amene sakanachita nawo kanthu, ngati mmene ndilili ine. Amawerengabe mawu kutchalitchi, amandipatsa moni ndi manja awiri, amafunsa za zidzukulu.

Tikatuluka m'mapemphero, achinyamata amakonda kuunjikana pansi pa mtengo wa mango, mitu pamodzi pa foni imodzi, akuseka. Ine njira ya kwathu siidzera pamenepo, koma ndimadzerapo, pang'onopang'ono, ngati mwendo ukundivuta, mpaka nditaona chimene chili pa sikirini. Mpaka pano umakhala mpira.