Mlendo Sadya Tirigu Wozizira

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinaphunzira kukonza salada ya tirigu. Anandiphunzitsa ndi amayi, m'khwawa lina la m'mapiri a ku Tsangano, kumene tinkabisala nthawi ya nkhondo. Masiku ano munthu akamva za salada amaganiza za mbale zoyera ndi tebulo loyala nsalu. Ife tinkadyera m'basiya lakutha, ndi manja, uku makutu ali tcheru.

Amayi ali mtsikana anagwirapo ntchito yophika ku Furancungo, kwa airima, amayi a tchalitchi aja ofunda nsalu kumutu. Mmodzi mwa iwo anali wa ku Italiya, ndipo dzuwa la chilimwe likakwiya ankakana chilichonse chotentha. Ankanyika tirigu wathunthu m'madzi madzulo, m'mawa n'kumuwiritsa mpaka njere zitafewa koma zisanasanduke phala. Akatsanula madzi ankamuyala pa lichero kuti azizire, kenaka n'kuthiramo matimati, anyezi, nkhaka, nyemba zophika, mchere, madzi a mandimu ndi mafuta a m'botolo ochokera kwawo. Amayi anaisunga nzeruyo. Mafuta amenewo kwathu kunalibe, choncho ankakazinga mtedza n'kuutikita m'manja, ndipo m'malo mwa masamba onunkhira amene irima uja ankadzala m'chitini, iwo ankangothyola nsonga za mpungabwi kuseri kwa khola.

Abambo anga, a Fabiyao, sankafuna n'kuchiona komwe chakudyachi. Tirigu tinkalima ndithu, koma wogulitsa. Ankati njere zozizira n'chakudya cha nkhunda, ndipo mwamuna amene wadya zimenezo wagona ndi njala. Musandimve molakwa, abambo anali munthu wabwino. Sanatimenyepo, ndipo ankaimba akamakama ng'ombe zawo. Koma pa nkhani ya ulemu anali ouma ngati chikopa chogonera padzuwa.

Nkhondo itafika kwathu inayambira pa chigayo, chinapsa. Kenaka ng'ombe zathu zinatengedwa zonse tsiku limodzi, ndipo mudzi utatenthedwa tinathawira kumapiri anthu anayi: abambo, amayi, ine, ndi mlongo wanga Tome, amene anali atangoyamba kuyenda. Tinasenza thumba la tirigu, chimanga pang'ono, nyemba, mtedza, thadzi limodzi, ndi kamtondo kamene amayi anakavundikira pansi n'kukasandutsa mpando.

Kumeneko amayi anaika malamulo awiri, ndipo sankaseka nawo. Loyamba, palibe kusinja, chifukwa m'mapiri kulira kwa mtondo kumawoloka zigwa. Lachiwiri, palibe moto dzuwa likatuluka, chifukwa utsi wa m'chilimwe umaima njo ngati mtengo, woonekera kutali. Moto tinkasonkha m'bandakucha, pansi penipeni pa khwawa, nkhungu ikadali yokuta, ndipo dzuwa likamati litulukire phulusa linali litathiridwa kale madzi. Apa ndiye chakudya cha nkhunda chija chinatisunga. Tirigu safuna mtondo. Ukamunyika amapsa msanga, ndipo mandimu ankachititsa kuti afike madzulo osasasa. Matimati ang'onoang'ono ndi mandimu tinkakatola m'minda yosiyidwa. Abambo ankadya, inde, koma atayang'ana kumbali, ndipo tsiku lililonse ankati mawa akufuna chakudya cha anthu. Amayi ankangoti amva.

Tsiku limene ndikunenali, salada ndinakonza ndine ndekha koyamba. Amayi analawa n'kundiuza kuti mandimu ndawonjeza, koma anabwereza kutapa, ndiye ine mtima unali m'mwamba. Dzuwa litakwera tinamva tchire likuthyoka. Tinagona pansi tonse. Amene anatulukira anali nkhalamba yotsamira ndodo, mapazi atatupa ngati maungu, ndipo abambo atawazindikira analira. Anali amalume awo, a Jeronimo, a ku Ntengo-Wambalame, amene anawalera abambo makolo awo atamwalira, ndi amenenso anawaperekera ng'ombe za ukwati. Ife ana tinkawatchula kuti agogo. Tinkaganiza kuti anafa kale.

Atamwa madzi, amayi ananditsinzinira, ine n'kunyamula basiya lija kuti ndikagwade nalo pamaso pa mlendo. Sindinafike. Abambo anandigwira pamkono n'kundibweza kuseri kwa mwala, amayi akutsatira. Kumeneko anakangana monong'ona, ine nditaima pakati pawo ndi basiya m'manja. Abambo ankati munthu amene anawalera sangamulandire ndi njere zozizira ngati akuthira nkhuku. Ankati mlendo ndi mame, mawa apitirira, ndipo akakafika kwa abale akanena kuti kwa Fabiyao anandipatsa mkute. Amayi ankawakumbutsa kuti dzuwa lili pamutu, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe, ndipo dzulo lake tinali titamva mfuti kutsidya kwa mtsinje.

"Tiwafunse eni akewo," anatero amayi. "Mwina adya."

"Mlendo amafunsidwa chimene adye? Unakulira kuti iwe?"

Abambo anati asinje chimanga aphike nsima, koma amayi anakana kusinja. Anakana poyera, chinthu chimene sindinachionepo chibadwire. Abambo sanawakalipire. Anangopita, n'kuvundukula kamtondo kaja, n'kuthiramo chimanga, n'kutola mtengo wolemera umene tinkatsekera pakhomo pa msasa, n'kuyamba kusinja okha. Mwamuna wamkulu, wa ndevu, kusinja amalume ake akuona, mkazi wake ataima chilili! Ndinaona nkhope ya amayi ikusintha. Mantha anali nawo, koma manyazi anawaposa. Anapita n'kuwalanda abambo munsi uja, ndipo anasinja monga amasinjira mkazi wodziwa, mwamphamvu. Abambo anagwira thadzi lija n'kulidula khosi, n'kusonkha moto.

Agogo a Jeronimo anali atakhala patsinde pa mtengo, maso ali pansi. Sananene kanthu.

Ine anandiuza kuti ndichotse basiyalo pamaso pa mlendo, ndipite nalo kumtunda pamodzi ndi Tome. Ndinakwera ndili ndwii, misozi ya mkwiyo ili m'maso, chifukwa salada yanga yoyamba inali itanyozedwa. Ndinakakhala mumng'alu wa thanthwe, pamene pankaoneka msasa wonse pansi. Ndili pamenepo ndinauona utsi wathu ukukwera, woongoka bwinobwino, ndipo mtondo unkamveka kawiri, kwathu kuno ndi kuphiri la kutsidya.

Anthu a mfuti anabwera ufa usanasefedwe. Anatulukira kumunsi kwa khwawa, ena atavala za usilikali, ena nsanza, ena ana oti n'kusewera nawo phada. Musandifunse kuti anali a mbali iti. Sanadzitchule, ndipo masiku amenewo aliyense wa mfuti ankafunsa mafunso omwewo. Mkulu wawo, wamfupi, wa chipewa chong'ambika, anaseka n'kunena kuti akuthokoza powaitana. Anafunsa abambo kumene anabisa ng'ombe. Abambo anati zinatengedwa kale. Anafunsanso, abambo n'kuyankha chimodzimodzi, atagwada, manja ali m'mwamba. Munthu uja anati wa ku Tsangano wopanda ng'ombe sanamuonepo. Anatola munsi uja pamene amayi anaugwetsa.

Anayambira m'maondo. Phokoso lake sindingalifanizire ndi chinthu, ndipo sindifuna. Abambo anakuwa kamodzi, kenaka ankangobuula. Agogo anadzuka n'kuyamba kupepesa kuti aphe iwo okalamba, ndipo mnyamata wina anawamenya ndi thako la mfuti pakamwa, n'kugwa chagada. Amayi anadziponya pa abambo. Anthu aja anawakoka amayi ndi tsitsi, wina n'kuwapanikiza mutu pa kamtondo kaja, n'kuwadula khutu lakumanzere ndi mpeni umene abambo anaphera thadzi. Anati aphunzire kumva akamafunsidwa.

Apo Tome anayamba kusisima kumsana kwanga. Ndinadziwa kuti akalira tatha. Ndinamutsitsa n'kumukhazika pamiyendo, nkhope nditamulozetsa ku thanthwe, n'kuyamba kumuika tirigu m'kamwa, pang'onopang'ono. Mwanayo ankakonda mtedza, ndiye ndinkausankha m'basiyamo. Iye akutafuna, ine ndikuyang'ana pansi paja. Munsi unakwera n'kutsika, unakwera n'kutsika, ndipo pomaliza unatsikira m'mutu. Mwendo wa abambo unagwedezeka pang'ono, basi.

Sanachoke msanga. Anawauza amayi kuti amalize kuphika. Amayi anasefa ufa, anaphika, anagawa nkhuku ija, magazi akuyenderera m'khosi mpaka m'chitenje. Anthu aja anakhala mozungulira n'kudya, mtembo wa abambo uli pambali pawo, wina mpaka anapempha mchere. Nthawi yonseyo amayi sanayang'ane kumtunda kumene tinali, ngakhale kamodzi. Ndinkaganiza kuti atiiwala. Ndinadzamvetsa nditakula kuti akanangotembenuza diso, anthu aja akanalitsatira.

Atakhuta anasenza thumba la tirigu, nyemba, mabulangete ndi miphika, n'kutsikira kumene anachokera. Ndinadikira mpaka mbalame zitayambanso kulira, ndiye ndinatsika, Tome ali kumsana, basiya lili pamutu. Amayi anandiona koma sanalire. Anang'amba nsalu n'kudzimanga kumutu, n'kundiuza kuti nditenge khasu. Tinakumba ndi amayi, nthaka youma gwa, ndipo dzenje silinafike ngakhale m'chiuno. Agogo anatsitsimuka tikukumba, milomo itang'ambika, n'kutithandiza kututa miyala yoika pamwamba kuopa afisi. Panalibe nyimbo. Amayi ananong'ona pemphero lalifupi, n'kunena kuti tiyenera kunyamuka, kulowera ku malire a Malawi.

Koma munthu sayenda ulendo wotero wopanda kanthu m'mimba, ndipo chakudya chimene chinatsala pa dziko lonse lapansi chinali cha m'basiya lija. Amayi anachiika pakati. Ine ndinachita manyazi, taonani ubwana, ndinachitabe manyazi kuti mlendo adya zozizira. Agogo anasamba m'manja ndi madzi a m'chikho, anatapa, n'kuika m'kamwa mwawo mwa mabalamo. Mandimu ayenera kuti anawaluma kwambiri, chifukwa anatsinzina. Anatapanso. Anafunsa kuti wakonza ndani, amayi n'kuloza ine. Anati chikukoma. Kenaka anatiuza kuti m'njira monse ankadya chinangwa chachiwisi ndi nthudza, ndipo chakudya ngati chimenechi akanachilandira ndi manja awiri.

Amayi anali asanalankhulepo mopanda ulemu kwa munthu wamkulu, koma tsiku limenelo anafunsa mosapsatira kuti nanga pamene mtondo unkalira, iwo sanaumve?

"Ndinaumva, mwanangu," anatero agogo. "Ndinadziwanso chimene ukuitana. Mawu anafika pakamwa pano kuti lekani. Koma ndinati ndikanena, Fabiyao aganiza kuti ndanyoza chakudya cha pakhomo pake."

Apo ndi pamene amayi analira. Analira mopanda mawu, pakamwa atatseka ndi dzanja, chifukwa anthu aja anali asanapite patali.

Tinawoloka malire. Agogo anamwalira ku msasa wa othawa nkhondo mvula yoyamba isanagwe. Ife tinabwerera nkhondo itatha, ndipo lero ndimakhala ku Furancungo, ndine agogo nanenso. Kwa zaka zambiri ndinali ndi mkwiyo waukulu ndi abambo. Kenaka unasamukira kwa agogo. Tsopano ndikudziwa kuti amene anapha abambo ndi amene anagwira munsi, ndipo ameneyo sindinamukhululukire, ngakhale apadiri a kutchalitchi anene chotani. Koma ndikudziwanso kuti pa msasa paja panali anthu atatu akuluakulu okondana, onse odziwa kuti mtondo utiphetsa, ndipo aliyense ankaopa kuchititsa mnzake manyazi kuposa mmene ankaopera mfuti.

Ulemu sindinautaye, ndipo ana anga ndinawalera nawo. Koma munthu akafika pakhomo panga, kaya ndi wamkulu chotani, ndimamuuza chimene chilipo ndi chimene palibe, n'kumufunsa ngati adya. Alipo amene amanditcha mayi wopanda mwambo chifukwa cha zimenezi, ndipo ndimawamva akamanong'ona. Anene. Amayi anapempha kuti mlendo afunsidwe, funso laling'ono ngati limenelo, ndipo palibe anafunsa. Ine ndimafunsa.