Faelo yopanda kanthu

Ntchito yanga yoyamba ya unamwino ndinaipeza nditakhala pakhomo pafupifupi chaka, satifiketi ili m'sutikesi. Mnzanga wa ku koleji ndiye anandiimbira kuti boma likulemba anamwino. Ananditumiza ku chipatala chaching'ono cha kumudzi m'boma la Ntcheu, kumunsi kumene amalima mpunga. Odziwa zachipatala tinalipo awiri okha, ine ndi adokotala.

Tsiku lina m'dzinja, adokotala atapita ku msonkhano kuboma, kunafika ngolo cha kummawa. Munali mayi amene anaberekera m'njira, limodzi ndi mwamuna wake ndi mayi ake omubala. Khanda linali lamoyo, koma mayiyo ankataya magazi kwambiri, zitenje zonse zitanyowa.

Ndinamubaya jakisoni wothandiza chiberekero kubwerera m'malo, ndinamuika diripi manja onse awiri, n'kuyamba kusisita mimba mwamphamvu. Nditaimbira ambulansi, anandiuza kuti mtsinje wadzaza, galimoto siingawoloke mpaka madzi ataphwera. Zonse zimene ndinaphunzira ndinachita. Ambulansi inafika masana, mayiyo atatsirizika kale m'manja mwanga. M'faelo yake munalibe chilichonse, chifukwa nthawi yonseyo ndinalibe dzanja logwirira cholembera.

Patapita milungu ingapo ndinalandira kalata. Mwamuna uja anakadandaula kuti jakisoni wanga ndi amene anapha mkazi wake, ndipo bungwe loyang'anira anamwino linandiitana. Ndinkadziwa kuti akandipeza ndi mlandu wosasamala, andilanda chiphaso, mwinanso nkhani ikathera kukhoti.

Pa tsiku la mlandu bamboyo analankhula modekha. "Mkazi wanga ankayankha bwinobwino mpaka pamene anesiwa anamubaya."

Mayi amene ankatsogolera bwalolo anatembenukira kwa ine. "Lamulo silikuletsani kuthandiza munthu amene ali pangozi adokotala kulibe. Likutetezani ngati munachita zimene namwino aliyense wosamala akanachita. Koma tidziwa bwanji? Jakisoni munabaya nthawi yanji? Kuthamanga kwa magazi munayeza kangati?"

Ndinkangokumbukira nkhope ya mayi womwalirayo, osati nthawi.

Amene anandipulumutsa ndi mayi a malemuwo. Anapempha okha kulankhula. "Mwana uyu sanakhale pansi ngakhale kamodzi," anatero akundiloza. "Tinachedwa ndife. Matenda anayamba dzulo lake, ife tikuti tidikire." Mkamwini wawo anawerama. Foni yanga inasonyezanso nthawi zonse zimene ndinaimbira ambulansi.

Bwalo linapeza kuti sindinalekerere wodwala. Komabe anandipatsa kalata ya chenjezo chifukwa chosalemba, ndipo kwa miyezi ingapo ndinkagwira ntchito moyang'aniridwa ngati wophunzira. Sindinasangalale. Khanda lija linali litapita kumudzi lopanda mayi, ndipo chigamulo chilichonse sichikanasintha zimenezo.

Bambo aja ndimakumana nawo nthawi zina pamsika pa Ntcheu. Amayang'ana kumbali, ndipo sindiwaimba mlandu.

Lero m'thumba la yunifolomu yanga simusowa pulasitala ndi cholembera. Wodwala akafika zinthu zitavuta, ndimamata pulasitala pa thumba la diripi n'kulembapo nthawi ndi mankhwala, ngakhale magolovesi ali magazi okhaokha. Anamwino atsopano ndimawauza kuti asaope kugwira munthu amene akufa, koma alembe. Si tsiku lililonse pamene mayi wofedwa adzaimirira kukuikira kumbuyo.