Ndinaphwetsa tayala ndipo sindinapepese

"Kumene kukulira zitsuloko musapiteko, mlamu. Mota ikayenda bwino adzatama mesitere, ikagwa adzafunsa kuti nkhalamba ija imafunanji pamenepo." Anandiuza zimenezi ndi achemwali a malemu amuna anga. Sindinawamvere. Ine munthu akandichenjeza ndimayamba ndadzifunsa kuti iyeyo apindulapo chiyani, ndipo alamu angawo ankafuna ndibwerere kumudzi ndizikawakumbira kachewere.

Ntchitoyo ndinaipeza ndi khutu. Ndinkagulitsa zitumbuwa pa Furancungo, pafupi ndi ofisina ina yokonzera mota, njinga zamoto zija, kuti ndidyetse adzukulu awiri amene mwana wanga wamkazi anandisiyira atamwalira. Tsiku lina mwini ofisinayo, a Fabiyawo, amene onse ankawatchula kuti mesitere, ankazunguza gudumu la kumbuyo akulisuzumira. Ine ndili pa dengu langa ndinati, "Masipoko amasuka amenewo, simukumva kaliridwe kake?" Anaseka. Koma atawagogoda ndi sipanala anapeza atatu atamasukadi. Nthawi ya nkhondo, tili kothawira ku Ntcheu, amuna anga ankakonza njinga zakapalasa ine ndikuwagwirira zitsulo, ndiye makutu anaphunzira. Mesitere anandifunsa ngati ndingathe kutsuka zipangizo. Ndi mmene ndinayambira ntchito yanga yoyamba yolipidwa, imvi zili mbuu.

Mota zambiri zobwera pa ofisinapo zinali zonyamula matumba. Koma chilimwe chikafika, mitsinje ya kumunsi kwa Macanga itauma, kunkabwera amuna a ndalama ochokera ku Tete atakweza pagalimoto mota zazitali za matayala a mano, ndi zina za miyendo inayi. Ankakathamanga pa milu ya mchenga imene madzi amasiya m'mphepete mwa mtsinje, kungosewera basi, anthu akuluakulu a ndevu zawo. A Fabiyawo anagwirapo ntchito ku Tete, mchenga ankaudziwa bwino, ndipo ndi iwowo anandiphunzitsa kukonzekeretsa mota zimenezi.

Mchenga umapha mota kuyambira pamphuno. Choyamba ndi filituru, chinkhupule chosefa mpweya wolowa mu injini. Umachichotsa, kuchiviika mu parafini, kutsuka ndi sopo, n'kufinya pakati pa zikhatho. Osapotokola, chimang'ambika. Uchiyanike pamthunzi. Chikauma uchithire olyo, ufinyenso mpaka chizimata ku zala koma osadontha, kenaka upake girizi m'mlomo mwa bokosi lake kuti kamchenga kasowe polowera. Tcheni umatsuka ndi burashi n'kupukuta, olyo wake kadontho chabe. Kwathu kuno amathira olyo wakupsa mpaka kuchucha, ndipo pa matope a ku Tsangano zimathandizadi, koma tcheni chonyowa chimatola mchenga n'kudya mano a gudumu ngati tupa. Masipoko umagogoda limodzilimodzi.

Chomaliza ndi matayala. Umakanikiza kamlomo kopopera ndi msomali, mpweya uzituluka, n'kumayeza ndi manometuru, kachipangizo ka singano kaja, mpaka singano itsike pa doze, ndiye kuti khumi ndi ziwiri. Za miyendo inayi zimatsika kuposa pamenepo, ndipo kumanzere ndi kumanja kufanane, apo ayi imakokera kumodzi. Ukatero umange nati yogwira tayala kuti lisatembenuke palokha n'kudula kamlomo. Tayala lofewa limatambasuka n'kuyandama pamwamba pa mchenga. Lolimba limakumba.

Tsono mwamuna wa ku Tsangano amapopa tayala mpaka chala chisalowe. Sindimunena, amatsika mapiri ndi matumba atatu a kachewere kumbuyo. Kwathu tayala lofewa ndi manyazi, ndipo munthu akapeza lake litaphwa sayamba wafufuza minga, amayamba wafunsa kuti wamuchita chipongwe ndani.

Loweruka lina mu Okutobala tinali ndi mota zisanu ndi za miyendo inayi ziwiri. Imodzi mwa zisanuzo inali ya a Jeremiyasi, wogula kachewere wa ku Tsangano, amene anali atangoigula kumene n'kuitanidwa ndi anzawo a ku Tete aja. Zinazo ndinali nditamaliza. Ndinanjuta pa gudumu la kutsogolo la mota yawo, msomali pa kamlomo, mpweya uli tsiii.

"Iwe gogo! Ukuchitanji pa mota yangayo?"

"Ndikuchepetsa mpweya, bambo. Kumene mukupitako ndi mchenga."

"Ine mota ndinayamba kuyendetsa liti? Undiphunzitse iwe wa zitumbuwa?" Anatembenukira anthu amene anali ataima pamsewu. "Mwamuona? Dzuwa likuswa mtengo akundiphwetsera!"

Ndinawauza kuti adine matayala a anzawo aone. Anakana ngakhale kuyang'anako. Anzawowo ankangoseka atatsamira galimoto. A Jeremiyasi analamula kuti matayala apopedwe, ndipo mesitere anandiuza motsitsa mawu kuti, "Mwini mota ndi iwowo, amayi. Apopereni."

"Dzanja langa silipopa tayala limeneli," ndinatero. "Akakagwa mudzati ndine."

Anapopa okha, thukuta lili kamukamu, mpaka matayala onse awiri anauma gwa. Anandiloza ndi pompayo n'kunyamuka.

Madzulo anabwera atagona kumbuyo kwa galimoto, fupa la paphewa litathyoka. Potsika mulu wa mchenga gudumu la kutsogolo linakumba n'kuima, iwo n'kupitirira pamwamba pa chiwongolero. Ena onse anabwerako opanda bala.

Lolemba kunafika achimwene awo a Jeremiyasi awiri ndi anthu pambuyo. Wamkuluyo sanapereke ndi moni womwe. "Mayi ameneyu anagwira gudumu lomwe lakutsogololo. Anakana kupopa chifukwa ankadziwa chimene waikapo. Ananena yekha ndi pakamwa pake kuti agwa, anthu akumva." Dzina lija loti mfiti palibe analitchula, koma aliyense analimva.

Ndinayang'ana a Fabiyawo. "Mesitere, auzeni anthuwa amene anandiphunzitsa kuchepetsa mpweya."

Ankapukuta manja ndi kansanza, maso ali pansi. Ndinkadziwa chimene akuwerengera mumtima. Anthu a ku Tete amabwera chilimwe chokha, pamene mota za ogula kachewere ndi zimene zimadyetsa ofisina chaka chonse.

"Amayi, ingopepesani, nkhani ithe."

Ntchitoyo ndinkaifuna, musaganize kuti ndinali ndi pena poponda. Koma kupepesa pamenepo kukanakhala kuvomera, ndipo adzukulu anga akanakula akulozedwa zala kusukulu. Ndinaimirira, bondo likulira, ndinapita mpaka pamaso pa bambo wamkuluyo.

"Achimwene anu yawagwetsa ndi pompa, ndipo anaigwira okha. Pitani mukadine tayalalo, likadali gwa. Ine ndapepesa kwa anthu ambiri pa moyo wanga, ena osayenera n'komwe. Lero ayi."

Palibe anapita kukadina. Mesitere anangoti, "Ndiye mawa musabwere."

Ndinamanga katundu n'kubwerera ndi adzukulu kumudzi kwathu ku Ntengo-Wambalame. Ndinagula manometuru yangayanga, ndipo ndimakonza mota pakhonde. Sizochuluka, koma ana adya, wamkuluyo wafika sukulu ya ku Tsangano. Amene amapita kumunsi kokhala mchenga, okagula mbuzi ndi okaona abale, amabwera ndithu, ena akukankha mota kudzera kuseri kwa nyumba kuti asaonedwe pakhomo panga. Ndimawaona. Ndimawakonzera.

Chimene ndinatolapo ndi ichi. Kudziwa ntchito sikukwanira ngati palibe woona ndi maso chimene wachita, ndipo amene anakuphunzitsa asakunamize kuti adzakuikira kumbuyo. Masiku ano mwini mota amaima pomwepo mpaka ndimalize. Filituru ndimamuonetsa ndisanatseke bokosi. Pa matayala msomali ndimampatsa iye, akanikize yekha, ine ndimangowerenga singano mokweza. Wofuna gwa ndimamusonyeza pamene pali pompa, ine n'kukhala pansi manja ali pamiyendo.

Nkhani ya pa Furancungo ija inanditsata. Kuchitsime ndikafika amayi amatunga mofulumira, ndipo mwana akadwala m'mudzi muno ndimaona mmene anthu amayang'anira denga langa podutsa. Sindisamuka. Nyumba iyi tinamanga ndi amuna anga titabwerako ku Malawi, njerwa zake ndinaumba ndi manja omwewa.

Inu amene mwawerenga izi, mukamadutsa pa Ntengo-Wambalame mudzapatuke. Nyumba yake ndi ya matayala akale atatu pakhonde. Musanditengere chakudya, sindidya za anthu, ndipo m'nyumba sindikulowetsani. Mungoima pabwalo n'kuitana mokweza kuti Nambewe, oyandikana nawo amve kuti alipo anthu ondidziwa. Mukapeza chitseko chili chotseka dzuwa litakwera, musapitirire. Gogodani mpaka ndiyankhe. Ndikayankha mokukalipirani, ndiye kuti ndili bwino.