Khadi la Pak Tukiran

Pak Darmaji (kuno Pak ndiye kuti Bambo) anabadwa ndi matenda ofuna kudziwa zamkati mwa chinthu. Ali mwana mumzinda wa Madiun anamasula wailesi ya bambo awo kuti aone pamene woimba amakhala, ndipo wailesiyo sinalankhulenso. Atakula anayamba kukonza mafoni pamsika, kenaka makompyuta, mpaka chipatala china mumzindamo chinawalemba ntchito yoteteza makompyuta ake kwa mbava za pa intaneti. Pano imvi zamera, koma matenda aja sanachire. Kungoti masiku ano chimene amafuna kumasula ndi mutu wa munthu.

Zinayamba ndi khadi la ukwati. Kwathu kuno ku Madiun akakuitana ku ukwati sukana, umavala malaya a nsalu yamaluwamaluwa ya batik n'kupita, ngakhale mkwatiyo unangomuona kamodzi m'basi. Mbava zinaona mpata pamenepo. Zinayamba kutumiza uthenga pa foni wakuti, tikukuitanani ku ukwati wa mwana wathu, tsegulani khadi ili. Ukatsegula, khadi osaoneka, koma kachilombo kalowa kale m'foni, kakuba mawu achinsinsi. Namwino wina anatsegula, mbava zija n'kudutsira kwa iye mpaka m'makompyuta a chipatala, kutseka mafayilo onse a odwala. Kwa masiku atatu madokotala ankachita kufunsa odwala kuti mapiritsi amene amamwa aja ndi oyera kapena achikasu.

Zitatha zimenezo, mabwana analola Pak Darmaji kutchera misampha yawoyawo. Ankapanga makadi abodza okongola zedi, a maluwa ndi mayina opeka a akwati, n'kutumiza kwa antchito onse. Wotsegula ankapeza mawu akuti: Mwakodwa, bwerani ku ofesi ya Pak Darmaji. Kumeneko samakalipa. Ankathira tiyi wotsekemera, n'kusendeza mpando pafupi, maso ali gwa ngati a mphaka woona nsomba.

"Tandiuzeni, munatsegula chifukwa chiyani?"

Wina ankati amafuna kuona ngati mkwatibwiyo ndi wokongola. Dokotala wina anati chala chinaterereka, ndipo Pak Darmaji anamufunsa ngati chimatererekanso akamachita opaleshoni. Aliyense ankatuluka ndi lamulo limodzi: osatsegula, yambani mwaimbira mwini ukwati pa nambala imene mukuidziwa kale, mumve mawu ake.

Patatha chaka okodwa anachepa, kutsala munthu m'modzi wowazunguza mutu. Ameneyu anali Pak Tukiran, bambo wowonda, wosalankhulalankhula, amene anagwira ntchito yosambitsa mitembo ku mochale kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Anakodwa katatu.

"Pak Ran, mpandowu wayamba kukudziwani," anatero Pak Darmaji ulendo wachitatuwo. "Akwati amenewa mumawadziwa?"

"Ayi, Pak."

"Nanga munatsegulira chiyani?"

Pak Tukiran anayang'ana manja awo. "Ndimati mwina wina wandikumbukira. Paja manja awa anthu sawafuna pa ukwati, amati angabweretse tsoka. Ine munthu amandifuna tsiku limodzi lokha, ndipo tsikulo sadziwa n'komwe kuti ndabwera."

Pak Darmaji anachita manyazi, pakuti makadi atatu onsewo anawalemba ndi iwo. Komabe ntchito ndi ntchito, foni ya Pak Tukiran inkalowa m'makompyuta a chipatala ngati ya wina aliyense. Anawauza mosabisa kuti makadi oterowo sachokera kwa munthu wowakumbukira, ndipo akadzatsegulanso adzalandira kalata ya chenjezo. Pak Tukiran anagwedeza mutu, tiyi osamugwira.

Chaka chotsatira Laras, mwana yekhayo wa Pak Darmaji, anapeza banja. Monga achitira ana a masiku ano, anapanga khadi la pa foni, lokhala ndi nyimbo, limene limaonetsa amene atsegula. Bambo ake analitumiza kwa antchito onse mazana atatu ndi makumi anayi, ndipo dzina loyamba kulemba linali la Pak Tukiran.

Sabata inatha. Otsegula panalibe ngakhale m'modzi.

"Mwaonatu nzeru zanu," anatero akazi awo, Bu Wiwik, ali pakati pa madengu a anyezi. "Ndauza ophika kuti anthu ndi ambiri. Mpunga wonsewo mudya nokha, inu ndi makompyuta anuwo."

Kunena zoona, mbali ina ya mtima wa Pak Darmaji inkanyada, mphunzitsi wanji amene ophunzira ake onse amakhoza? Anasindikiza makadi a pepala n'kuyamba kuyenda wodi ndi wodi. Anamwino ankawaseka mpaka kugwira m'mimba. "Iii Pak, ndiye uthenga uja unali weniweni? Ife timati mwafika poipa, mpaka kugwiritsa ntchito mwana wanu ngati nyambo." Onse analonjeza kubwera, ndipo nkhawa ya mpunga inatha.

Koma dzina limodzi linkawasowetsa mtendere. Tsiku lililonse ankayang'ana pa foni ngati Pak Tukiran atsegula, osatsegula. Munthu uja anadikira zaka zonsezo kuti wina amuitane, ndipo tsiku limene khadi loona linafika analisiya, chifukwa Darmaji anamuphunzitsa bwino. Zimenezi zinawapweteka kwambiri.

Lachinayi masana anatsika kuseri kwa chipatala, kudutsa pochapira zovala, kufika kumene anali asanapondeko chilembedwere ntchito. Anapeza Pak Tukiran atakhala pa benchi panja pa mochale, akudya mpunga wa pecel, wa masamba otendera, wokulunga m'tsamba la nthochi.

"Pak Ran, uthenga wanga simunaulandire?"

"Ndinaulandira, Pak. Ndinaufufuta. Ulendo uno simunandigwire." Anamwetulira ngati mwana wasukulu amene wakhoza masamu.

Pak Darmaji anapereka khadi la pepala ndi manja awiri. Pak Tukiran anapukuta zala pa thalauza, nawerenga dzina lawo pa envulopu, koma sanaitsegule. Anaitembenuza uku ndi uku, kenaka anaiika pa benchi.

"Enanso aja anali okongola chonchi," anatero.

"Ili ndi loona. Ndabwera ndekha, simukundiona?"

"Ndikukuonani. Koma wolemba aja munalinso inu nomwe."

Pak Darmaji anangoima, thukuta likutsika m'khosi, osadziwa kuti munthu amene wanamizidwa katatu umamutsimikizira bwanji. Ndiye Pak Tukiran anatulutsa kafoni kawo kong'aluka galasi, nafufuza pang'onopang'ono, nakaika kukhutu. Foni inalira m'thumba la Pak Darmaji. Anaitulutsa n'kuyankha, anthu awiri atayang'anizana pa mtunda wa mkono umodzi.

"Halo, Pak Darmaji? Ndine Tukiran wa ku mochale. Akuti mwana wanu akukwatiwa, n'zoona?"

"N'zoona, Pak Ran. Loweruka likubwerali."

"Ndipo akuti ine ndikuitanidwa?"

Pak Darmaji anavomera ndi mutu. "Mukuitanidwa. Mudzagwire chanza mwana wanga ndi manja anu omwewo."

Pak Tukiran anachotsa foni kukhutu. Kenaka anaidula, natola envulopu ija, n'kuyamba kuitsegula mosamala kuti isang'ambike.